Moyo wa Mayi ndi Moyo wa Mwana: Mawu kwa Akhristu ndi Anthu Onse Akufuna Kwabwino a ku Tsangano



1. Ife a m'bungwe la Mpingo loona za chilungamo ndi mtendere takhala tikubwera pamaso panu kudzakambirana nanu za zisankho, za katangale, za mitengo ya mbewu ndi za kayendetsedwe ka chuma cha boma. Lero tabwera ndi nkhani imene ambiri amati si yokamba pagulu, nkhani ya kuchotsa mimba. Tikudziwa kuti mwambo wathu umaisiya nkhaniyi m'manja mwa amayi aakulu, ndipo sitikufuna kulaula mudzi. Koma nkhani imene yafika kale ku Nyumba ya Malamulo, ku Bwalo Lalikulu la Milandu, ndiponso kumanda a m'midzi mwathu, singathenso kubisidwa kuseri kwa nyumba. Ndi nkhani ya chikhulupiriro, komanso ndi nkhani ya ulamuliro, pakuti ikukhudza malamulo amene aphungu athu amapanga, ndalama zimene boma limapereka ku zipatala, ndi misewu imene odwala athu amadutsamo.

2. Makolo athu anali ndi nzeru pamene anatcha mayi woyembekezera kuti wapakati, ena n'kumati wodwala. Ankaona kuti mayi wotere waima pakati pa moyo ndi imfa, ndipo kuti pamene waimapo sali yekha, ali ndi wina amene sanaoneke. Tikupemphani kuti pa zonse zimene tinene, anthu awiriwa muwasunge pamodzi mumtima mwanu.

Zimene zikuchitika pakati pathu

3. Tiyambe ndi zoona, ngakhale zili zowawa. Akatswiri a ku College of Medicine ku Blantyre, pamodzi ndi a bungwe la Guttmacher Institute la ku America, anapeza kuti m'chaka cha 2015 chokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Uku n'kunena kuti amayi 38 mwa amayi 1,000 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 49 anachotsa mimba m'chaka chimenecho. Mwa amayi 10 alionse amene anachotsa, 6 anapeza mavuto ofunika chithandizo cha kuchipatala, ndipo mmodzi mwa atatu a ovutikawo sanachilandire chithandizocho. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mimba 53 mwa 100 zilizonse zinabwera eni ake asanazikonzekere. Kafukufuku wina wa m'mbuyomo, wa chaka cha 2009, anali atapeza mimba zochotsedwa pafupifupi 67,300.

4. Ena mwa abale athu amazikayikira ziwerengero zimenezi, ponena kuti n'zongoyerekeza, ndiponso kuti ena mwa amene anaziwerenga ndi omwewo amene akufuna kuti lamulo lisinthe. N'zoona kuti chinthu chochitika mobisa n'chovuta kuchiwerenga. Koma ngakhale titachidula pakati chiwerengerocho, otsalawo akadali ana masauzande ambiri amene sanaone dzuwa, ndi amayi masauzande ambiri amene anavulala. Ndipo inu a kuno simusowa kafukufuku kuti akuuzeni. Mukudziwa za maliro a mtsikana amene tinauzidwa kuti wamwalira ndi malungo, pamene amayi amene anasambitsa thupi lake anatuluka m'nyumbamo ali chete, osayang'anana.

5. Azaumoyo amatiuza zimene amaona. Mayi amafika atataya magazi ambiri, kapena m'mimba mutachita mafinya, thupi likutentha, patapita masiku atatu kapena anayi akubisa. Wina analowetsedwa kamtengo, wina anamwetsedwa zitsamba zowawa, wina anagula mapiritsi kwa munthu wosadziwa muyeso wake. Ena chiberekero chimabooka, ndipo dokotala, pofuna kupulumutsa moyo, amachichotsa. Mtsikana wa zaka 17 amabwerera kumudzi wamoyo, koma sadzaberekanso, ndipo tonse tikudziwa mmene mudzi umamuonera mkazi wosabereka. Tiyeneranso kunena poyera kuti imfa imeneyi imasankha. Mwana wa munthu wachuma wa mumzinda amapita mwakachetechete ku chipatala cholipira, nabwerako mawa lake. Amene amafera pa machila kapena pa njinga yamoto, pa msewu wamatope wotsikira ku Tsangano Turn-off, ndi mwana wa mlimi wa mbatatesi.

Lamulo ndi mtsutso umene ulipo

6. Ambiri amangomva kuti kuli bilu, osadziwa kuti lamulo limene lilipo likuti chiyani. Malamulo athu a milandu ndi zilango, amene amatchedwa Penal Code, tinawalandira kwa atsamunda m'chaka cha 1930. Gawo 149 limati wochotsa mimba ya mayi akhoza kukhala kundende zaka 14. Gawo 150 limapereka zaka 7 kwa mayi wodzichotsa yekha, ndipo gawo 151 limapereka zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zipangizo. Gawo 243 limateteza dokotala amene, mwa mtima woona ndi mosamala, wachita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi.

7. M'chaka cha 2013 bungwe lounika malamulo la Law Commission linakhazikitsa komiti yapadera, yotsogoleredwa ndi Justice Esme Chombo, momwe munalinso oimira zipembedzo ndi mafumu. Komitiyi inatulutsa lipoti lake m'chaka cha 2015, pamodzi ndi bilu yoti kuchotsa mimba kuziloledwa pa zifukwa izi: pamene moyo wa mayi uli pachiswe, pamene mimbayo ingaononge thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo, pamene mwana wapunduka kwambiri kotero kuti sangakhale ndi moyo, ndiponso pamene mimbayo yabwera chifukwa cha kugwiriridwa, kugonana pachibale, kapena kugona ndi mwana wamng'ono. Pa 6 Disembala 2016, Akhristu ambiri m'mizinda ndi m'maboma a dziko lino, motsogoleredwa ndi Maepiskopi a Mpingo wa Katolika pamodzi ndi bungwe la Evangelical Association of Malawi, anayenda pa msewu kukana biluyo. Mu Malichi 2021 phungu wa ku Chiradzulu, a Matthews Ngwale, amene panthawiyo anali wapampando wa komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo, anayesa kuibweretsa biluyo m'Nyumbamo, koma aphungu anakana ngakhale kuikambirana.

8. Nkhaniyi sinathere pamenepo. Mu Okutobala 2025 Bwalo Lalikulu la Milandu ku Blantyre linaweruza mlandu wa mtsikana wamng'ono amene anagwiriridwa natenga mimba, ndipo atapita ku chipatala anabwezedwa. Bwalo linagamula kuti, potsatira lamulo la Gender Equality Act la chaka cha 2013, mwana wogwiriridwa ali ndi ufulu wopempha kuti mimbayo ichotsedwe, ndipo linalamula Unduna wa Zaumoyo kuti uunikenso malangizo amene umapereka kwa azachipatala. Choncho chimene Nyumba ya Malamulo inakana kuchikambirana chalowera pa khomo la bwalo la milandu. Ife timalemekeza mabwalo a milandu, ndipo amene sakugwirizana ndi chigamulo ali ndi njira zovomerezeka zodandaulira. Koma tikuona kuti aphungu athu, pothawa kukambirana poyera nkhani yaikulu chotere, sanatithandize, kaya ife okana biluyo kaya iwo oifuna.

9. Chilungamo chikutikakamiza kufotokoza bwino maganizo a amene sitigwirizana nawo. Abale ndi alongo athu a m'mabungwe monga COPUA, madokotala ena, mafumu ena, ngakhalenso atsogoleri ena a zipembedzo, sakunena kuti kuchotsa mimba n'kwabwino. Iwo akuti lamulo loletsa lakhalapo zaka zoposa 90 koma silinaletse kanthu, langothamangitsira amayi kumdima. Akukumbutsanso kuti m'chaka cha 2005 dziko lathu linavomereza pangano la maiko a mu Africa la ufulu wa amayi, lotchedwa Maputo Protocol, limene limalola kuchotsa mimba pa zifukwa zofanana ndi za mu biluyo. Ambiri a iwo ndi anthu amene amayi amafera m'manja mwao usiku, ife tili mtulo. Si akupha, ndipo sitikufuna kumva Mkhristu akuwatcha dzina limeneli.

Chimene Mpingo umakhulupirira

10. Komabe Mpingo sungavomereze njira imene iwo akuipereka, ndipo tikufuna kuti mumve chifukwa chake, osangoti chifukwa Abambo anatero pa guwa. Timakhulupirira kuti moyo wa munthu umayamba pamene mayi watenga pathupi. Kuyambira tsiku limenelo pali wina amene si mayi ake ndipo si bambo ake, amene akangopatsidwa nthawi ndi chakudya adzalira, adzakwawa, adzatchedwa dzina. Palibe tsiku lina pakati pa kutenga pathupi ndi kubadwa limene tingaloze n'kunena kuti dzulo sanali munthu koma lero ndi munthu. Malembo Oyera amationetsa Mulungu akuitana mneneri Yeremiya asanabadwe, ndipo amatisimbira za Yohane Mbatizi amene anatakataka m'mimba mwa Elizabeti pamene Maria anafika pakhomo. Mwambo wathunso umadziwa zimenezi: mayi akapita padera, amayi aakulu sataya nthayo kudzala ngati zinyalala, amakaiika mwaulemu pamalo pake.

11. Ngati iyeyo ndi munthu, ndiye kuti ndi wofooka kuposa anthu onse. Alibe mawu, alibe voti, sangalembe chikalata chopita kwa bwanamkubwa. Ulamuliro wabwino umayesedwa ndi mmene ukutetezera munthu wotere. Gawo 16 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Akatswiri a malamulo amatsutsana ngati mawu amenewa akufikira mwana wosabadwa. Ife tikuti dziko limene layamba kusankha kuti uyu ndi munthu, uyu sanafikepo, laponda pa njira yoterera. N'chifukwa chake Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake ya Evangelium Vitae ya chaka cha 1995, anaphunzitsa kuti kuchotsa dala moyo wa mwana wosabadwa n'kulakwa kwakukulu nthawi zonse.

12. Pali chinthu chimene Akhristu ambiri sachimvetsa, ndipo kusamvetsako kwaika miyoyo ya amayi pachiswe. Mpingo suphunzitsa kuti mayi asiyidwe afe. Pamene mimba yakhala m'njira ya mazira kunja kwa chiberekero, kapena mayi ali ndi khansa ya chiberekero yofunika opaleshoni mwamsanga, dokotala ayenera kumuchiza, ngakhale zikudziwika kuti mwanayo sapulumuka. Pamenepo cholinga ndi kuchiza matenda, ndipo imfa ya mwana ndi chisoni chimene palibe anachifuna. Chimodzimodzinso mayi amene wapita padera, kapena amene wachotsa kale mimba ndipo akutaya magazi: kumutsuka m'chiberekero ndi kumupatsa magazi si tchimo, ndi ntchito yachifundo, ndipo malamulo a dziko amalola. Namwino wachikhristu amene amamuchedwetsa mayi wotere pa benchi kuti aphunzirepo, kapena kumukalipira pamaso pa odwala anzake, achimwira lamulo lomwelo loletsa kupha limene akuganiza kuti akuliteteza.

13. Nkhani ya mwana wogwiriridwa ndiyo imatisowetsa tulo. Mtsikana wa zaka 13, amene thupi lake silinakhwime, wapatsidwa mimba ndi munthu wamkulu, mwina wachibale wa m'nyumba momwemo. Sitinama kuti yankho lake n'lapafupi. Mpingo umati mwana ali m'mimbayo sanalakwe, ndipo sangalipire mlandu wa bambo ake ndi moyo wake. Timaima pamenepo. Koma tikangonena mawu amenewa n'kubwerera kunyumba zathu, tasenzetsa kamwana katundu amene ifeyo sitikumukhudza ndi chala chomwe. Amene akumuuza mtsikanayu kuti asunge mimba ayenera kukhala woyamba kumuperekeza ku sikelo, kuonetsetsa kuti akachirire ku chipatala cha boma ku Ntcheu kumene kuli madokotala a opaleshoni, kumulerera mwanayo, kumubwezera ku sukulu, ndi kukaima naye ku khoti tsiku la mlandu. Ngati sitingathe kuchita zimenezi, tichepetse mawu.

Kumene ifenso talakwa

14. Tisanaloze chala boma, tidziyang'ane. Tifunse kuti mtsikana amaopa chiyani kuti afike posankha kamtengo m'malo mouza mayi ake. Amaopa bambo amene ananena kale kuti adzamuthamangitsa pakhomo. Amaopa kuchotsedwa sukulu. Ndipo, tinene mosabisa, amaopa ife: kuchotsedwa m'kwaya, kuitanidwa ku bwalo la akuluampingo, kumva dzina la banja lake likunong'onedwa pa Mphakati, kuona mayi ake akuvula yunifolomu ya bungwe chifukwa cha manyazi. Kawirikawiri amene wasunga mimba ndiye timamulanga pamaso pa onse, pamene amene wachotsa mobisa amakhala pampando wake Lamulungu lotsatira ngati palibe chachitika. Atsikana athu si opusa, amaona zimenezi ndipo amaphunzirapo. Mwa njira imeneyi ifeyo, amene tinayenda pa msewu kuteteza moyo, takhala tikukankhira ana athu kwa asing'anga.

15. Nanga mwamuna ali kuti? Pamene Afarisi anabweretsa kwa Yesu mkazi wogwidwa m'chigololo, anabwera naye yekha, ngati kuti tchimolo anachita yekha. Mpaka lero zikadali choncho. Pa nyengo yokumba mbatatesi kuno kumadzaza magalimoto ndi ogula ochokera kutali, ndalama zili m'thumba, ndipo akachoka amasiya mimba zopanda mwini. Anyamata athu ena amapereka mimba n'kuthawira ku Joni. Amuna ena apabanja, ena mwa iwo a maudindo mu Mpingo, ndi amene amapereka ndalama ya mankhwalawo kuti mbiri yao isaipe. Ndipo si atsikana okha amene amachotsa mimba. Alipo amayi apabanja, a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, wakhanda ali kumsana, amene mwamuna safuna kumva za kulera kwa mtundu uliwonse, ngakhale kwa chilengedwe kumene Mpingo umaphunzitsa, pakuti kumeneko kumafuna kuti mwamuna adzigwire. Abambo, mlandu uwu ndi wathu tisanaupereke kwa akazi athu.

16. Mafumu athu ndi inu eni mbumba, tikupemphani mwaulemu: mlandu wogwirira mwana si wokambirana pansi pa mtengo n'kulipitsa mbuzi. Ndi mlandu wa kupolisi. Nkhuyu zodya akulu zisapote ana. Malemu Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, pafupi nafe pompa, inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuwabwezera ku sukulu, ndipo inatsitsa pa udindo mafumu aang'ono amene ankalekerera. Kuyambira m'chaka cha 2017 Malamulo Oyendetsera Dziko amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Lamulo lilipo, chikusowa ndi kulimba mtima.

Udindo wa boma ndi wa amene tinawasankha

17. Tsangano ali m'malire, ndipo ambiri a inu muli ndi abale kutsidya. Mukudziwa kuti ku Mozambique, kuyambira pamene malamulo atsopano anasainidwa mu Disembala 2014, mayi amaloledwa kuchotsa mimba m'masabata 12 oyamba. Ku Zambia lamulo lolola pa zifukwa zina lakhalapo kuyambira 1972, komabe amayi kumeneko sanaleke kuvulala ndi kuchotsa mimba mobisa, makamaka kumidzi kumene madokotala ndi ochepa. Kwathu kuno lamulo limaletsa, ndipo mimba zikuchotsedwabe. Tikuphunzirapo kuti pepala la lamulo palokha, lolola kapena loletsa, silifika pa mphasa pamene mayi wagona. Chimene chimafika ndi ambulansi, namwino, botolo la magazi ndi msewu.

18. Mbiri yathu yomwe ikuchitira umboni. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo anaonetsa kuti m'chaka cha 2000 amayi 1,120 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. M'chaka cha 2004 anali 984, m'chaka cha 2010 anali 675, ndipo pofika 2015 ndi 2016 anali 439. Imfa zinatsika chotere lamulo la kuchotsa mimba lisanasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Zinatsika, mwa zina, chifukwa amayi ambiri anayamba kuchirira ku chipatala, ndipo boma la Ntcheu lili ndi gawo lake pa mbiri imeneyi. Inkosi Kwataine inakhazikitsa m'midzi yake amayi achinsinsi, amene mayi woyembekezera amawauza za pathupi pake kuti amulondoloze mpaka ku chipatala, ndipo m'chaka cha 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaipatsa udindo wotsogolera mafumu pa ntchito ya uchembere wabwino m'dziko lonse. Tikungochenjeza pa chinthu chimodzi: chindapusa cha nkhuku kapena mbuzi kwa wochirira pakhomo chingathandize mayi wapabanja kufulumira, koma mtsikana amene akubisa mimba chimangomuonjezera mantha. Tisabisenso kuti, malinga ndi akatswiri, pa imfa 100 zilizonse za uchembere, pakati pa 6 ndi 18 zimachokera ku kuchotsa mimba mosatetezeka. Amenewa sangapulumuke ndi uchembere wabwino wokha ngati sitichotsa zimene zimawafikitsa pamenepo.

19. Gawo 12 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati onse olamulira anangosungitsidwa mphamvu ndi anthu. Choncho tili ndi ufulu wowafunsa. M'chaka cha 2001 ku Abuja atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza kupereka K15 pa K100 iliyonse ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri dziko lathu lakhala likuperewera pa lonjezo limeneli. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza wakhala ukulonjezedwa ndi maboma otsatizana, ndipo nthawi ya kampeni iliyonse umatchulidwa ngati nyimbo. Kwa wamalonda, msewu woipa ndi matumba a mbatatesi oola. Kwa mayi amene akutaya magazi, ndi maola awiri amene alibe. Phungu amene amadzitama kuti anakana bilu yochotsa mimba, koma sanafunsepo m'Nyumba ya Malamulo chifukwa chake ambulansi ilibe mafuta, kapena chifukwa chake mankhwala a boma akupezeka pa msika, asatiuze kuti amateteza moyo. Wakuba mankhwala a m'chipinda cha amayi oyembekezera ndi wochotsa moyo, ngakhale atavala suti.

20. Za sukulu tinene mwachidule. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka za pakati pa 15 ndi 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera, ndipo tonse tinaona mmene mimba za ana zinachulukira pamene sukulu zinatsekedwa m'chaka cha 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kuyambira 1993 boma lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka. Makolo ambiri saidziwa, ndipo aphunzitsi aakulu ena amachita ngati saidziwa. Sukulu za Mpingo zikhale zoyamba kuitsatira. Mtsikana akadziwa kuti mimba siitseka chitseko cha kalasi mpaka muyaya, chifukwa chimodzi chachikulu chochotsera mimba chagwa.

Kwa inu amene munadutsamo

21. Tikudziwa kuti pakati pa amene akumva mawu ano alipo amayi ndi atsikana amene anachotsapo mimba, ena zaka zambiri zapitazo, ndipo sanauzepo munthu. Alipo amene chiyambire tsiku limenelo sanayandikirenso ku Ukaristia. Amayi athu, alongo athu, ana athu, sitinabwere kudzakuweruzani. Mulungu yekha ndiye akudziwa mantha amene munali nao, amene anakukakamizani, ndi amene anakuthawani. Chimene chinachitika chinali cholakwika, ndipo mwina mtima wanu unakuuzani kale ife tisananene. Koma khomo silinatsekedwe. Mu Novembala 2016 Papa Fransisko anapereka kwa wansembe aliyense mphamvu yokhululukira tchimo limeneli mu Sakramenti la Kulapa, kotero simufunikanso kudikira Episkopi, ndipo chimene mwanena m'malo olapira chimathera momwemo. Ngati m'thupi mukumvabe kupweteka, kapena mukutuluka zachilendo, pitani ku chipatala msanga, musadikire kuti mulimbe mtima kaye.

Zimene tikupempha kuti zichitike kuno

22. Tikupempha Mphakati uliwonse kuti usankhe amayi awiri okhwima maganizo, odziwa kusunga chinsinsi, amene mtsikana kapena mayi wothedwa nzeru angawafikire usiku kapena usana popanda kuopa kuti mawa nkhani yake imveka pa chitsime. Amayi amenewa tidzawaphunzitsa mothandizana ndi alangizi a zaumoyo, kuti adziwe zizindikiro zoopsa ndi kumene angathamangire. Mphakati ukhalenso ndi kathumba ka ndalama za mayendedwe, ndipo ugwirizane ndi mwini njinga yamoto kapena galimoto mmodzi amene angadzutsidwe pakati pa usiku n'kulipidwa pambuyo. Mayi wotaya magazi anyamulidwe nthawi yomweyo, osayamba mwamufunsa kuti wachita chiyani. Achinyamata athanzi, pamene a bungwe lotolera magazi afika pa sukulu kapena pa tchalitchi, perekani magazi.

23. Tikupempha akuluampingo kuti aunikenso mmene amachitira ndi mtsikana amene watenga mimba asanakwatiwe. Uphungu ukhalepo, kulapa kukhalepo, koma kumuchititsa manyazi pagulu kuthe, ndipo ubatizo wa mwana wake usakhale chida cholangira mayi. Pamene mtsikana waitanidwa, mwamunanso aitanidwe.

24. Kwa aphungu ndi makhansala amene tinawasankha pa 16 Seputembala 2025, bungwe lathu lilemba kalata yokhala ndi mafunso awa: kodi maganizo ao ndi otani pa bilu ya kuchotsa mimba, ndipo adzavota bwanji ikadzabweranso, kodi ndi ndalama zingati za thumba la chitukuko cha m'dera zimene zapita ku zipinda zochirira, ku nyumba zodikirira amayi oyembekezera ndi ku nyumba za anamwino, kodi milandu yogwirira ana imene inakanenedwa ku polisi kuchokera m'dera lino yafika pati, ndipo kodi msewu udzatha liti. Tidzawapempha kuti adzayankhe okha pamaso panu. Akadzabwera, tidzawalandira mwaulemu ndi kuwapatsa mpando. Akadzapanda kubwera, tidzawerenga mafunsowo m'matchalitchi onse a dera lino, ndi kukudziwitsani tsiku limene kalatayo inaperekedwa ndi ofesi imene inailandira.